Lachinayi Limene Pasipoti ya a Hortensia Inasowa

A Hortensia Quiñones sagogoda. Anandiphunzitsa masamu ndili wamng'ono, ndipo mpaka lero amalowa paliponse pamene ndili ngati akudzaona ngati ndamaliza ntchito imene anandipatsa. Lachisanu limenelo anandipeza m'kaofesi kanga nditavula nsapato, ndikumwa khofi wachiwiri.

"Odalys, mwana wanga, vala nsapatozo. Andibera pasipoti."

Ndine wapolisi woyang'anira dera lathu lino ku Sagua, anthu amandiitana kuti teniente potsata udindo wanga, ndipo milandu yanga ndimaidziwa isanachitike: nkhumba yosowa chaka chikamatha, njinga yobwerekedwa osabwezedwa, amuna awiri achikulire okokana malaya chifukwa cha domino. Koma nkhani iyi inandiimitsa mutu. Ulendo wa a Hortensia msewu wonse unkaudziwa, chifukwa tonse tinatopa nawo limodzi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yanelis, anapita ku Tenerife, kutsidya kwa nyanja, zaka zapitazo, anakwatiwa komweko, n'kubereka mwana amene agogo ake anali atangomuona pagalasi la laputopu. Kuti viza ituluke, mayiwa anapita ku Havana maulendo osawerengeka, kugona pamipando ya achibale, kuima pamizere dzuwa likuswa mtengo. Tsopano viza inali itamatidwa m'pasipoti, ndege inali ya Lamlungu, ndipo pasipotiyo kunalibe. Pasipoti ina munthu angapangitse, koma viza ikapita umabwerera kumchira kwa mzere, ndipo msinkhu wa a Hortensia sunali wodikiranso chaka china.

"Munaiona liti komaliza, aphunzitsi?"

"Dzulo m'mawa, ndisanapite kuchipatala kukayezetsa magazi. Imakhala m'chitini cha mabisiketi, m'kabati, pansi pa zovala zanga zogonera. Ndinaitulutsa, ndinaiyang'ana, ndinaibwezera. Ndimatero m'mawa uliwonse, usandiseke. Madzulo ndikutsegula, chitini chili mbee."

"Chitseko chinathyoledwa?"

"Ayi. Makiyi ndi atatu. Wanga, wa Evelio, ndi wa Mileidys amene amatichapira Lachinayi."

"A Evelio anali kuti?"

"Kupaki, ndi laputopu, akulankhula ndi mwana. Lachinayi amapita kumeneko. Yanelis anaimba madzulo pafoni yam'nyumba, ndinamufunsa, akuti analankhuladi ndi bambo ake m'mawa."

"Anawaona ali kupaki?"

"Yanelis amangoona mphuno, mwana wanga. Evelio amakanikiza nkhope pagalasipo ngati akufuna kulowa." Anakonza chikwama pamiyendo. "Ine sindinatchule munthu. Koma ndinaphunzitsa masamu. Pazitatu ukachotsapo ziwiri, imatsala imodzi."

Ndinavala nsapato. Masamu oterewa ndaona akutsekeretsa anthu osalakwa, koma mphunzitsi wako sumutsutsa ali m'mavuto.

*

Mileidys ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake akusankha mpunga. Sanadzuke. Maso anali ofiira, koma osati a munthu amene walira n'kumaliza. Anali a munthu amene akusunga kulirako kuti adzalire atakwiya mokwanira.

"Ndimakudikirani, a teniente. Mwachedwa. Msewu wonse wandiweruza kale, inu mwangobwera kudzatseka chitseko. M'mawa uno mkazi wa dokotala wanditumizira uthenga kuti ndisavutike kubwera mawa, achapa okha. Achapa okha! Mayi amene sadziwa kuti sopo amathovoka mbali iti."

"Sindinabwere kudzakutenga. Tandiuza za dzulo."

"Chifukwa msuweni wanga anamangidwapo za mapepala abodza, ndiye ife tonse mtundu wathu timadya mapasipoti? Pasipotiyo ndikatani nayo? Nkhope ya a Hortensia ndi yanga zikufanana pati?"

"Za dzulo, Mileidys."

Anapuma, n'kukankhira timiyala pambali ndi chala. Anati anafika kunyumba kwa a Quiñones dzuwa litakwera kale, chifukwa anayamba waima pamzere wa buledi. M'nyumba munalibe munthu. Anatsegula ndi kiyi wake monga mwa masiku onse, anachapa, anakolopa, anachoka masana. Kuchipinda analowamo kukatenga nsalu za pabedi basi, kabati sanaikhudze.

"Panali chimene chinakudabwitsa?"

"Chondidabwitsa n'choti zaka zonsezi ndawachapira zovala zamkati, lero ndine wakuba." Anayang'ana kumbali. "Kapu ya a Evelio inali patebulo, khofi ali theka, akadali wofunda. Iwo khofi sasiya. Kabokosi kakuda ka intaneti kaja kanali pomwepo ndi waya wake, kakuphethira. Reinier wometa tsitsi uja anabwera kudzakatenga masana, ndinamupatsa ndine. Ndiyeno makwerero aja anandisowetsa mtendere."

"Makwerero ati?"

"Amatabwa aja, amene amagona pansi kuseri kwa thanki yamadzi. Ndinawapeza ataimitsidwa pakhoma, penipeni pamene ndimamanga chingwe choyanikira. Ndinachita kuwakoka ndekha, n'kutsala pang'ono kuthyoka msana."

"Unaganiza kuti wakwera padenga ndani?"

"Ndinaganiza kuti ndi Reinier ndi mlongoti wake wa intaneti uja. M'nyumba mmenemo angakwere ndani? A Hortensia ndi magazi awo othamanga? A Evelio ndi mawondo aja olira ngati chitseko?"

*

Reinier ndi wometa tsitsi, khomo lake n'loyandikana ndi la a Quiñones. Ndi munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba wakuuza kumene wotchiyo anaigula. Ndinamupeza akumeta mkulu wina amene anali atagona kale pampando.

"Padenga? Ine? A teniente, taonani mimba iyi. Chikwerereni ndi tsiku lija tinkamanga mlongoti. Ndipo mwachita bwino kubwera, chifukwa ineyo ndimati mwina ndinu apolisi mwakwera kukaugwedeza."

Milongoti ya padengayi malamulo saikonda kwenikweni. Koma maso anga amafooka ndikayang'ana m'mwamba, ndipo msewu wonse umadziwa za matenda angawo.

"Wagwedezeka?"

"Kuyambira dzulo masana. Ndinakatenga kabokosi kwa Mileidys, ndabwera, ndalumikiza, netiweki ikungobwera n'kuthawa. Mlamu wanga wa kunja ku Hialeah nkhope yake inauma pagalasi kukamwa kuli yasa, mpaka khadi langa la intaneti linatha ndikumuyang'ana mano. Mlongoti umenewo uyenera kuloza kupaki ndendende, pakati pa nsanja ya tchalitchi ndi mtengo wa mango wa a Pancha. Ukangopotoka pang'ono, basi, mwatsala nokha m'dzikoli."

Ndinamuuza kuti andifotokozere zonse ngati akuuza munthu wopusa. Ntchito imeneyo amaikonda. Anaika lumo pansi.

"Intaneti ili kupaki, mukudziwa. Laputopu iliyonse imabadwa ndi wayifayi yake yamkati, koma yamkatiyo khutu lake n'lalifupi. Imamva ukakhala pabenchi lakupaki pomwepo, ukangokhota pakona ya famase yagontha. Kuno n'kutali. Ndiye tinasonkherana ndi a Quiñones, tinagula adaputa yakunja, kabokosi kakuda kaja. Mlongoti uli padenga pawo chifukwa ndi lalitali, tinauveka chigubu cha mafuta ophikira kuti mvula isauwononge, waya wina watsikira kwawo, wina kwanga. Kabokosi ndi kamodzi, ndiye timasinthana. Kumayambiriro kwa sabata kamakhala kwawo, Lachinayi m'mawa ndimakatenga."

"N'chifukwa chake a Evelio amapita kupaki Lachinayi."

"Ndi zomwezo. Kungoti dzulo ndinachedwa. Mawa kuli phwando la mtsikana wa a Betancourt, wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, ndiye anyamata onse ovina nawo anandidzadzira muno kuyambira m'mamawa. Kabokosi ndinakatenga masana."

"Ukalumikiza kabokosiko, yamkati ija imatani?"

"Umaizimitsa. Ukasiya zonse ziwiri zili zoyatsa, laputopu imasokonezeka ngati mwamuna wamitala, ikuthamangira uku, ikuthamangira uko, khadi lako likungopsa. Ya a Quiñones ndi yachikale, ili ndi kabatani kotsetsereka m'mbali. Uli kunyumba, ukankhire kumbuyo, yamkati yagona, yakunja igwire ntchito. Ukupita kupaki, uzule waya, ukankhire kutsogolo, yamkati idzuke. Ukaiwala, ungakhale pabenchi tsiku lonse, laputopu ili duu ngati njerwa."

Mkulu wa pampando uja anadzidzimuka n'kufunsa ngati zatha. Reinier anamukankhira mutu pansi mwaulemu.

"Koma a teniente," anatero akutolanso lumo, "ngati si inu, si ine, ndipo mphepo sinaombe, ndiye mlongoti wanga waugwira ndani?"

*

Kupaki kunali monga mwa masiku onse. Mabenchi onse odzaza, aliyense ataweramira kagalasi kake, akukuwa. Uyu akuuza mwana wake wa ku Madrid kuti nsapato zija zachepa, uyo akulira, wina akuonetsa khanda kwa munthu amene ali kutsidya kwa nyanja. Zinsinsi za mabanja a m'tauni muno zimaululikira pamenepa, ndipo palibe amene amamvetsera za mnzake chifukwa aliyense ali ndi zake. Amene amamvetsera ndi Lala yekha, wogulitsa mtedza wokazinga m'timapepala topinda, amene amakhala pansi pa chipilala kuyambira paki isanakhale ndi intaneti.

Lala salankhula ndi munthu amene sanagule. Ndinagula.

"Evelio," anatero pang'onopang'ono, ngati akulawa dzinalo. "Anabwera."

"M'mawa?"

"Mochedwa. Mthunzi unali utachoka kale pabenchi lake. Anakhala padzuwa pomwepo."

"Analankhula ndi mwana wake?"

Lala anandiyang'ana nthawi yaitali, akutafuna chinachake chimene sichinali mtedza.

"Iwe, Evelio akamalankhula ndi Yanelis, ine ndimadziwa kuti ku Tenerife kwagwa mvula. Ndimadziwa kuti mwana wamera dzino. Amakuwa ngati akadali kufakitale ya shuga, makina akulira. Dzulo kunali zii."

"Laputopu anatsegula?"

"Anatsegula. Anaiika pamiyendo. Anangoiyang'ana."

"Nthawi yonseyo?"

"Mpaka belu la masana. Mtedza sanagule. Zaka zonsezi amagula, dzulo sanagule." Anatsanulira mtedza m'kapepala kena, n'kukapinda pakamwa. "Ndinamuuza kuti, Evelio, pukuta buluku lako, wagwada kuti? Mawondo onse mbuu ndi laimu. Sanandimve."

Nyumba za mumsewu wathu pansi pake ndi matailosi. Laimu timapaka pamadenga, kuti kutentha kuchepe. Ndinabwerera pang'onopang'ono, ndikudya mtedza, ndipo kunena zoona sindinkafuna kufika.

*

A Evelio Quiñones anagwira ntchito yokonza makina kufakitale ya shuga mpaka tsiku limene inatsekedwa. Ndi munthu wamtali, wowonda, wa manja akuluakulu amene masiku ano amasowa chogwira. Ndinawapeza pampando wogwedera m'chipinda chochezera, pafupi ndi sutikesi ya akazi awo imene inali italongedwa kale, yotsegula, pamwamba pali timalaya ta mwana toluka pamanja. A Hortensia anandipatsa khofi ndisanapemphe.

"Wamugwira?" anafunsa.

"Sindinagwire munthu. Ndikufuna ndimve kwa a Evelio za dzulo."

"Palibe zambiri, mwana wanga," anatero a Evelio modekha, maso ali pasutikesi. "Mayiwa atapita kuchipatala ndinamwa khofi, ndinanyamula makinawo, ndinapita kupaki. Ndinalankhula ndi Yanelis. Ndinabwerako masana."

"Munalankhula naye muli kupaki."

"Kupaki."

"Laputopuyo wina waigwiritsapo ntchito chibwerereni?"

"Ndi mtima uti?" anayankha a Hortensia. "Ili m'chikwama chake momwe anaisiyira."

Ndinawapempha kuti aitulutse. Anaiika patebulo, chinthu cholemera chakuda chimene Yanelis anasiya pochoka, chomatidwa ndi tepi pakona. Sindinaitsegule. Ndinangoitembenuza kuti mbali yake iyang'ane kuwindo.

"Aphunzitsi, kabatani aka kali kuti? Kutsogolo kapena kumbuyo?"

Anavala magalasi. "Kumbuyo. Yamkati ndi yozimitsa."

"Anakakankhira kumbuyo ndani?"

"Ine, Lolemba, Reinier atabweretsa kabokosi. Masiku amenewa timakhala pa yakunja."

"Lachinayi a Evelio akamapita kupaki, amakabwezera kutsogolo ndani?"

"Ine. Ndimazula waya, ndimakankha kabatani, ndimamulembera manambala a khadi, ndimamuikira m'chikwama. Iye ntchito yake ndi kunyamula ndi kukuwa."

"Dzulo munatero?"

"Dzulo ndinachoka mothamanga, kuopa mzere wa kuchipatala. Ndinangomuyatsira kuti aone zithunzi za mwana pomwa khofi, ndinati Reinier akabwera..."

Anasiyira pomwepo. Ndinaona masamu akuchitika pankhope pawo, ndipo ndinamva chisoni, chifukwa a Hortensia samalakwitsa kawiri. Anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Ngati kabatani kanali kumbuyo," anatero, osayang'ana aliyense, "kupaki sikukanatheka kulankhula ndi munthu."

"Ndinakasintha ndekha," anatero a Evelio. "Ndinakakankha popita, ndinakabwezera pobwera. Kodi ndine mwana? Ndakonza makina aakulu kuposa nyumba ino."

"Chabwino," ndinatero. Ndinatembenuza laputopu, ndinaitsegula, ndinaiyatsa, n'kuikankhira patsogolo pawo. "Tiyerekeze kuti muli pabenchi. Tadzutsani yamkati ndione."

Anadzuka pampando, mawondo akulira. Anaima pamwamba pa laputopuyo, manja awo aakulu aja ali lende. Ngakhale kuti kabataniko tinali titangokaloza, iwo nthawi yonseyo maso anali pasutikesi. Anayendetsa chala m'mbali mwa makinawo, mbali yolakwika, anapeza kena kake, anadina. Kathireyi koikamo chimbale kanatuluka pang'onopang'ono n'kuima pakati pa ife atatu.

Palibe anaseka. Kunja ngolo ya hatchi inadutsa, woyendetsa akuitanira anthu opita kusiteshoni.

"Munalankhula naye muli patebulo pano," ndinatero motsitsa mawu. "Reinier anachedwa, kabokosi kanali kolumikiza, Yanelis anakuonani kuti muli pa intaneti n'kuimba. Mutamaliza munasiya khofi, munaimitsa makwerero, munakwera padenga. Kenako munapita kupaki kuti anthu akuoneni."

A Evelio anabwezera kathireyi kaja ndi chala chimodzi, mosamala, monga munthu wolemekeza makina ngakhale amuchititse manyazi. Anakhalanso pansi.

"Ili m'chigubu," anatero. "Ndinaikulunga m'pulasitiki. Sinanyowe."

*

Ndinakwera ndekha. Makwererowo ndi oopsa ngakhale kwa munthu wa mawondo abwino, ndipo pokwerapo ndinkangoganiza za nkhalamba ija ikukwawa pamwamba apa yokha, popanda woigwirira. Padenga panali njira ya mawondo ndi zikhato palaimu, yolunjika kumlongoti. Ndinapisa dzanja m'chigubu. Pasipoti inali momwemo, yomangidwa bwino ndi kawaya, mfundo yake ya mmisiri. Ndinaitsegula, viza inalimo. Mlongoti unali utapotokera kumtsinje, ndipo ndinaubwezera pakati pa nsanja ya tchalitchi ndi mtengo wa mango, mmene ndinathera.

Nditatsika ndinapeza awiriwo sanasunthe. Ndinaika pasipoti patebulo. A Hortensia sanaigwire.

"Chifukwa chiyani, viejo?" anafunsa. Umo ndi mmene amaitanirana, nkhalamba ndi nkhalamba inzake, kuyambira tsitsi lawo lisanachite imvi.

"Mwana anati ndisakuuze."

"Ndiuze."

"Anati, Papi, Mami akafika kuno sabwereranso. Ndapeza loya, mapepala ake atheka. Inu mupirire pang'ono, tidzakuitanitsani pambuyo." Anapukusa mutu. "Pambuyo. Viza yako yatenga nthawi yaitali bwanji, vieja? Ine ndili ndi pambuyo? Ananena akuseka, mwana ali pamiyendo, ngati akundiuza nkhani yabwino. Nditazimitsa ndinayang'ana m'nyumba muno. Sindikudziwa chinandigwira. Ndinangozindikira ndili padenga."

"Ndiye unasiya kuti anthu amudye Mileidys."

"Ndinkati Lamlungu likadutsa ndidzaipeza penapake, ndidzati inagwera kuseri kwa kabati."

Pamenepo ndinakwiya, ndipo ndinanena. Ndinawauza kuti Lamlungu likanadutsa Mileidys akanakhala atagona kale kupolisi, kuti ntchito ina yamuthera kale m'mawa womwewo, kuti dzina la munthu wosauka likada silichapika ndi pepani wa kukhitchini. Anamvetsera mutu uli pansi. Mkwiyo wanga sunakhalitse, ngakhale ndinkafuna ukhalitse. N'kovuta kukalipira munthu amene laimu akadali m'zikhadabo zake.

"Zimenezo Yanelis anandiuza kale," anatero a Hortensia. "Mwezi watha."

A Evelio anadzutsa mutu. "Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Ndinamuuza kuti asakuuze, ndidzakuuza ndekha. Tsiku lililonse ndinkati mawa."

"Ndiye unamuyankha chiyani?"

"Sindinamuyankhe."

"Ubwerera?"

A Hortensia anatenga pasipoti ija, anamasula kawaya, anachotsa pulasitiki n'kuipinda bwinobwino, pakuti kuno pulasitiki sitaya. Ine ndinali nditaima pakhomo, ndikudziuza kuti ndichoke, koma sindinachoke.

"Ukanandifunsa dzulo, ndikanakunamiza kuti inde," anatero. "Lero sindikunamiza. Sindikudziwa, viejo. Ndikufuna ndikamunyamule mwana uja. Ndikadzamunyamula ndi pamene ndidzadziwe. Tikiti yanga ndi yobwerera, ndipo sindinaing'ambe. Ndi zokhazo zimene ndingakuuze."

A Evelio anagwedeza mutu kangapo. Misozi inatsika, sanaipukute.

"Tsopano uvale malaya abwino," anapitiriza a Hortensia, mawu a m'kalasi atabwerera. "Upita kwa Mileidys, ukalankhula uli panja, mokuwa monga umachitira kupaki, kuti msewu wonse umve. Ukachoka kumeneko upita kwa mkazi wa dokotala. Ine ndikutsatira, chifukwa masamu olakwika aja ndinachita ndine. Odalys, mlandu ulipo?"

"Chinthu chinasowa, chapezeka m'nyumba ya eni ake," ndinatero. "Ine ndilibe chonena."

"Chabwino. Koma usanavale malayawo, viejo, bwera kuno."

Anakokera mpando pafupi ndi tebulo, anawakhazika amuna awo patsogolo pa laputopu, anawagwira dzanja lamanja n'kulitsogolera kumbali yoyenera, mpaka chala chachikulu chija chinakhudza kabatani.

"Aka. Wakamva? Uli kunyumba, kabokosi kalipo, kumbuyo. Ukupita kupaki, uzule waya, kutsogolo. Tayesa."

Anakankha. Kabatani kanatsetsereka, kanyali kobiriwira kanayaka.

"Bwezera."

Anabwezera.

"Kachiwiri. Ine sindikugwiranso dzanja."

"Vieja, ndamva. Zatheka."

"Sizinatheke. Zaka zonsezi ndakhala ndikukusinthira, ndinalakwa. Kuyambira Lamlungu m'nyumba muno mulibe wokuchitira, ndipo ine Lachinayi lililonse ndidzakhala patsogolo pa galasi ndikudikira mphuno yakoyo. Usadzandisiye ndikuyang'ana mdima. Yambiranso."

Ndinatuluka mwakachetechete n'kutseka chitseko. Ndili pamsewu ndinkamvabe kudzera pawindo, kabatani kakulira pang'onopang'ono, kutsogolo, kumbuyo, ndi mawu a aphunzitsi anga akuti, "Yambiranso."